Buluu Wochapira pa Maluwa a Sauda

1. Kabichi wosadyedwa

Kuseri kwa nyumba ya Che Hamdani ku Area 2 kudalibe malo oti munthu n'kuwatcha bwalo. Padali chingwe choyanikapo zovala, mpopi wodontha, mbaula ya mayi Adija, ndi kampata koti anthu awiri sangadutsepo limodzi popanda kupepesana. Koma pakona, pomwe mpanda wa njerwa unkatchinga dzuwa la masana, padali debe lakale la mafuta ophikira lobooledwa kunsi. M'debemo ndimo mudali chuma cha mwana wawo wamkazi, Sauda.

Chumacho chidali kachitsamba kofika m'mawondo, ka masamba otambalala ngati chikhatho. Dzina lake lidali haidiranjiya, koma m'nyumbamo mudalibe wofuna kuthyola lilime. Che Hamdani ankangoti, "Wamuthirira kabichi wako wosadyedwa uja?"

Kachitsambako adampatsa ndi mayi Jasuben, gogo wachimwenye wa sitolo ya nsalu imene Che Hamdani ankasokera pakhonde pake. Gogoyu adakhala zaka zambiri ku Dedza. Boma litalamula kuti amwenye azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, iwo adakwera lole ya katundu atafungatira chitsamba chawo pamiyendo ngati khanda. Ku Lilongwe adachisunga kuseri kwa sitolo. Sauda ali wamng'ono ankakonda kukapereka tiyi kwa bambo ake, chikhalirecho akufuna kukasuzumira maluwawo. Adali a buluu, buluu woti ukamuyang'ana umamva kuzizira kwa ku Dedza.

Mwana wa gogoyu, Mahesh, atapeza nyumba ku Area 12, gogo adasiya za sitolo. Asadasamuke adaitana Sauda, nadula kanthambi kamodzi kopanda duwa.

"Tamvera bwino, iwe mwana wa atelala, pakuti sindibwereza," adatero. "Ndadula pansi pa mfundo, apa, chifukwa mizu imatulukira pamenepa. Masamba a m'munsi uchotse, a pamwambawa uwadule pakati kuti asamalize madzi. Dothi likhale la masamba oola, usakanize ndi mchenga. Dzuwa la m'mawa n'labwino, la masana ndi mdani. Madzi uthire patsinde, osati pamutu. Kakayamba kuthamangira kumwamba utsine nsonga, kuti kakhale kakafupi ndi kodzaza. Duwa ili silifuna munda waukulu. Limafuna munthu wosaiwala."

Sauda sadaiwale. M'mawa uliwonse asadapite kusukulu ankayamba wathirira. Mwezi wa Okutobala, masamba akalefuka ndi kutentha, ankawapangira mthunzi ndi chitenje cha mayi ake, n'kulandira zokalipa zake mosadandaula. Chiswe chitayamba kuzungulira debe, adachita zomwe mwana aliyense wa m'nyumba ya mbaula amadziwa: adathira phulusa. Chiswe chidathawa. Poona kuti phulusa n'lothandiza, adayamba kuthira sabata ndi sabata, pakuti Sauda akakonda chinthu ankapyola nacho muyeso.

Vuto lake lina lidali pakamwa. Kalasi yonse ya Sitandade 8 idadziwa kuti kwa Sauda kudzatuluka maluwa a buluu amene ngakhale ku Capital Hill kulibe.

2. Uthenga wa ku Area 12

Mvula yoyamba itagwa, kachitsambako kadatulutsa timitu tobiriwira tangati nkhonya za mwana. Masiku omwewo a Mahesh adaima pakhonde la sitolo, pomwe Sauda ankathandiza bambo ake kusokerera mabatani.

"Che Hamdani, amayi andituma kwa mwana wanuyu," adatero. "Chitsamba chawo chija chidafa. Ndidalakwa ndine. Ndidati tichichotse m'chitini, tichibzale pakati pa kapinga kuti alendo azichiona. Dzuwa lidachiwotcha mpaka mizu. Chichokereni pamenepo amayi sakudya bwino, angokhala chete. Akufunsa ngati kanthambi kaja kadakalipo."

"Kalipo!" Sauda adayankha bambo ake asadatsegule pakamwa. "Katsala pang'ono kuchita maluwa. Kawauzeni agogo kuti buluu wawo wa ku Dedza ndibwera naye ndekha."

"Tikuyembekeza Loweruka la sabata yamawa," adatero a Mahesh akusangalala.

Che Hamdani adangoyang'ana mwana wawo pamwamba pa magalasi, napitiriza kupalasa makina.

Timitu tija tidakula, tidayera, kenaka tidayamba kusintha mtundu. Sauda adadzuka tsiku lina n'kupeza kuti m'mphepete mwa timaluwa tina mwafiira. Adaganiza kuti ndi fumbi la njerwa, napukuta ndi chala. Silidali fumbi. Pofika Lachinayi mitu yonse idali ya pinki, pinki weniweni wangati diresi la mwana wa pa chikwati.

Kunena zoona, maluwawo adali okongola. Mayi Adija adaima ndi mthiko m'manja nati, "Koma abale, m'kanyumba kathu kano!" Ngakhale Che Hamdani adavomereza kuti kabichiyo wayesetsa. Koma Sauda mtima udamuwawa. Gogo ankafuna buluu wa kwawo, ndipo iye adalonjeza ndi pakamwa pake. Akapita ndi pinki, kodi gogo sakati kanthambi kawo adakapha, ndiye wakatola duwa lachilendo kuti awapusitse?

3. Nzeru za Lonely

Lonely adali mnzake wa Sauda wa nyumba yoyandikana nayo, mtsikana woti vuto lililonse ankalipezera mankhwala, ngakhale mankhwalawo atakhala oposa matenda. Lachisanu masana, bambo a Sauda atapita kumzikiti, Lonely adalowa pakampata kaja n'kupeza mnzake atagwira tsaya.

"Ndiye ukulirira zimenezi?" adafunsa atamva nkhani yonse. "Kodi mayi ako mikanjo ya bambo ako amayeretsa ndi chiyani?"

"Ndi buluu wochapira."

"Eya! Buluu ndi buluu. Agogowo akufuna buluu, iwe uli naye m'kabati. Vuto lili pati?"

"Si kunama kumeneko?"

"Kunama n'kulankhula. Iwe sukalankhula kanthu, ukangotula debe. Shuwa, Sauda, nzeru zonse zija zimathera m'kalasi?"

Atsikanawo adasungunula buluu m'kambale, nathiramo sitachi pang'ono kuti amatirire. Adatenga nthenga za nkhuku n'kuyamba kupaka kaduwa ndi kaduwa. Ntchitoyo idawatengera masana onse. Atamaliza adaima chapatali, ndipo Lonely adaomba m'manja. Ukayang'anira pakhomo, maluwawo adalidi a buluu. Ukayandikira ndi pomwe unkaona kuti auma gwa ngati kolala ya malaya ositidwa.

Che Hamdani pobwera adapeza debe litavundikiridwa ndi chitenje, koma manja a mwana wawo sadavundikiridwe. Adayang'ana zala za buluuzo, adayang'ana nthenga zili mbwee pansi, nakhala pampando wawo osafunsa funso.

"Sauda, tabwera ukhale apa," adatero. "Ine ndasoka zovala mumzinda muno iwe usadabadwe. Pamabwera mayi ndi nsalu yake, akufuna diresi lofika m'akakolo, la manja aatali, lamakwinya. Ndikayeza ndimapeza kuti nsaluyo njoperewera. Pamenepo pali njira ziwiri. Ndikhoza kumuuza pomwepo kuti, mayi, nsalu yachepa. Akhumudwa, mwina andinyoza, koma mawa abweranso. Kapena ndikhoza kukhala chete, n'kulumikiza kachigamba kofanana nako m'khwapa, pomwe saona. Adzavala, adzavina, adzandiyamika. Koma tsiku lochapa kachigambako kadzasuluka kokha, ndipo kuyambira pamenepo mayiyo sadzakhulupiriranso msoko wanga uliwonse, ngakhale wabwino.

"Mayi Jasuben aja ndi aukali, inde. Adandikalipirapo chifukwa cha ulusi wogwa pakhonde. Koma chikhalire sadandipatseko nsalu yosuluka n'kunena kuti njolimba. Ndi chifukwa chake ndakhalitsa pamenepaja. Munthu wotero ukampatsa chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, wamulakwira kawiri. Ndipo ukumbukire kuti tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. Debe ndi lako, miyendo ndi yako. Ine sindikuletsa, ndangonena za utelala."

Sauda adati, "Ndamva, ababa." Koma chitenje chija sadachivundukule.

4. Pampopi wa pageti

Loweruka m'mawa adasenza debe lake mpaka kudepoti. Kondakitala adati ayike pamwamba pa basi, iye adakana mpaka adamulola kulifungatira. M'basimo anthu adatembenuka onse.

"Koma maluwa awa! Mwagula kuti, mwanawe?" adafunsa mayi wina wovala nsalu ya chipani.

"Ndabzala ndekha," adayankha Sauda. Mawuwo adali oona, komabe adatuluka movutikira.

Adatsika ku City Centre n'kuyenda wapansi. Ku Area 12 kudali zii, kosiyana ndi phokoso la kwawo. Kudali mipanda ya maluwa, agalu ouwa osaoneka, ndi kapinga waukulu woti kwawo akadamangapo nyumba za mabanja angapo. Pageti la a Mahesh adamulandira ndi mlonda wachikulire, a Nebert.

"Ndiwe mwana wa maluwa uja? Wachita bwino kubwera," adatero a Nebert. "Agogo adzuka kalekale. Avala nsalu yawo ya paphwando, akhala pakhonde chiyang'anire kugeti kuno. Lero adya ndi phala lomwe." Adasuzumira m'debe, nagwedeza mutu mokhutira. "Akondwa kwabasi. Maso awo masiku ano ndi a nkhungu, singano sangayione, nkhope amazindikirira mawu. Koma mtundu wa chinthu amauona."

Sauda adaima chilili. Ndiye kuti nzeru za Lonely zikadatheka ndithu. Gogo sakadaona sitachi, sakadaona mikwasa ya nthenga. Akadaona buluu n'kumuthokoza ndi mtima wonse. Zimenezo ndizo zidamuchititsa manyazi kuposa kugwidwa. Kunamiza munthu wopenya n'koipa, nanga kunamiza gogo amene wavalira nsalu ya paphwando chifukwa chokhulupirira mawu ako?

"Agogo," adatero kwa a Nebert, "ndingagwiritseko mpopi uwo?"

"Ukufuna kumwa?"

"Iyayi. Ndikufuna kuchapa."

Adatula debe pansi pa mpopi, nalipendeketsa kuti madzi asalowe m'dothi, n'kuyamba kutsuka mutu ndi mutu. Madzi a buluu adayenderera pasimenti mpaka kunsi kwa geti. A Nebert adagwira pakamwa.

"Mwana iwe, ukutani? Maluwa akusuluka!"

"Buluuyo sadali wake," adayankha Sauda akupitiriza.

Sitachi sadachoke mwamtendere. Timaluwa tina tidathothoka, tina tidanyenyeka. Atamaliza, mituyo idatsala yonyowa, yothimbirira, pena pinki, pena buluu wosuluka, ngati nsanza yopukutira inki. Adasenza chomwecho n'kulowera kukhonde.

5. Dothi ndilo limasankha

"Ndi mapazi a mwana wa atelala amenewo," adatero mayi Jasuben asadapatsidwe moni. "Bwera nalo pafupi. Pafupi, iwe, ukuopa chiyani?"

Sauda adagwada, natula debe pamapazi pawo. Gogo adawerama mpaka mphuno idatsala pang'ono kukhudza maluwa.

"Ichi n'chiyani?"

Sauda adafotokoza zonse, kuyambira tsiku lomwe adaona kufiira mpaka madzi a pampopi. Dzina la Lonely sadalitchule, pakuti dzanja lopaka lidali lake lomwe. Adamaliza ndi misozi. "Kanthambi ndi kanu komwe kaja, agogo, sindidasinthe. Koma buluu wanu ndalephera, ndipo pinki yemwe ndamuwononga."

Gogo adapisa dzanja m'debe, nagwira tsinde, nasisita masamba ndi chala chachikulu monga ankachitira poyesa nsalu. Kenaka adatapa dothi n'kulinunkhiza.

"Phulusa," adatero. "Wathira phulusa, eti?"

"Chifukwa cha chiswe, agogo."

Mayi Jasuben adaseka. Adaseka mpaka kutsokomola, mpaka wantchito wa m'khitchini adasuzumira pazenera, pakuti kuseka kumeneko kudali kutasowa m'nyumbamo.

"Buluu wochapira! Zaka zonsezi ndagulitsa buluu, sindidaganizepo kuti wina angachapire duwa! Tadzuka, khala apa. Kulakwa kwina n'kwanga, sindidakuuze. Duwa ili silisankha lokha mtundu, dothi ndilo limasankha. Dothi la ku Dedza, la pansi pa mitengo ya paini, n'lowawasa, ndipo limabala buluu. Phulusa ndi laimu zimapha kuwawasako, ndiye umapeza pinki. Chitsamba chimodzimodzi, mwana wanga. Ine kuseri kwa sitolo ndinkachita kuitanitsa dothi ndi madalaivala a malole, n'kumathiramo masamba a tiyi otsala m'ketulo. Iwe unkaona ngati zikuchitika zokha.

"Tsono tamvera. Phulusa ulisiye. Dothi la pamwambali ulichotse pang'onopang'ono, uyikemo la masamba a paini oola. Madzi a mvula ndi abwino kuposa a pampopi. Mitu yowonongekayi tiidula lero, pamwamba pa masamba awiri oyamba. Kudulira n'kwa nthawi ino, maluwa akangotha. Ukadzagwira sizasi m'nyengo yozizira udzadula maluwa a chaka chamawa adakali m'tulo, pakuti amabisala m'nthambi zakale. Ndipo osafulumira. Mtundu susintha sabata imodzi monga umasinthira ndi nthenga ya nkhuku."

Adaitanitsa sizasi, ndipo Sauda adadula pomwe chala cha gogo chinkaloza. Wantchito adabweretsa tiyi wa zonunkhira ndi tokazinga ta ufa wa nandolo. Gogo adadya, nafunsa za sukulu, za mayi Adija, ndiponso ngati Che Hamdani adakagwetsabe ulusi pakhonde. Mutu umodzi wodulidwa, umene pinki wake adatsalako bwino, adausunga pamiyendo n'kumausisita.

"Tsinde lake n'lolimba kuposa langa lija," adatero. "Walera bwino."

Mtima wa Sauda udakhala pansi. "Chaka chamawa, agogo, ndidzabwera ndi buluu weniweni. Ulendo uno sindikulonjeza ndi pakamwa pokha."

Gogo adatula kapu yawo pang'onopang'ono.

6. Mabokosi m'khonde

"Tasuzumira pakhomopo," adatero.

Sauda adasuzumira. M'kati, motsamira khoma, mudali mabokosi a matabwa osanjikizana, ena atakhomedwa kale misomali.

"Chaka chamawa ine kuno kulibe. Mwana wanga wamkazi ali ku Mangalande, ndipo Mahesh wati tonse tipite mvula isadathe. Ndidakuitanitsa kuti nditenge debeli, ndidulepo nthambi zoti ndipite nazo. Ukadalowa muno ndi buluu wako uja ndikadakondwa, ndikadakuthokoza, debe n'kutsala kuno. Ndikadapita ndi chitsamba changa, iwe n'kukuiwala monga ndaiwalira ana ambiri oyankhula bwino. Koma munthu wotsuka bodza lake pageti, palibe womukakamiza, ameneyo ndi woti n'kumusiyira chinthu. Ku Mangalande maluwa awa akuti ali paliponse. Kuno la ku Dedza latsala lokhali. Senza, ubwerere nalo kwanu."

Sauda adalira osabisa. Maluwa okhawo amene gogo akadaona kwa iye ndi omwe adawapaka sitachi. Komabe pansi pa chisonicho padali chimwemwe chachikulu, pakuti gogo waukali uja adamukhulupirira.

"Zikomo, agogo. Ndidzalisamala."

"Ndikudziwa." Gogo adamugwira dzanja, natsitsa mawu. "Koma pali chinthu chimodzi. Sitolo nayonso ikugulitsidwa, ndipo wogulayo sitikudziwa ngati adzafune telala pakhonde. Mahesh akufuna ayambe wakambirana naye, kenaka awauze yekha bambo ako mwaulemu. Asamvere kwa mwana. Undisungire zimenezi mpaka tsikulo. Wamva?"

Sauda adayang'ana pansi nati, "Ndamva."

Pobwerera debe lidapepuka, popeza mitu yonse idatsala ku Area 12. M'basi palibe adatembenuka. Adatsika kudepoti dzuwa litapendeka, nadzera kusitolo, pomwe adamva kulira kwa makina a bambo ake adakali patali.

Che Hamdani adasiya kupalasa. Adayang'ana chitsamba chodulidwacho, adayang'ana malaya a mwana wawo odontheredwa ndi madzi a buluu, ndipo nkhope yawo idawala.

"Ndaona, wachapa," adatero. "Lero wandiveka ulemu, mwana wanga. Tula pansi, ukhale apa. Undiuze zonse zimene anena mayi Jasuben, osasiyako ngakhale liwu limodzi."

Sauda adaima pakhondepo, debe lili pamutu.